Mkangano wa Madzi a ku Cahora Bassa

Kale Zambezi ankasefukira chakumayambiriro kwa chaka, pakati pa dzinja, n'kuphwa pang'onopang'ono m'chilimwe. Madzi akabwerera m'khwawa mwake ankasiya matope achonde, anthu n'kudzala chimanga, nyemba ndi mbatata m'madimba popanda feteleza. Nsomba zinkaswana m'madambo osefukirawo.

Apwitikizi anayamba kumanga damu la Cahora Bassa ku Songo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu 1969, ndipo mtsinje unatsekedwa chakumapeto kwa 1974. Khoma lake ndi lotalika mamita 171, makina asanu amapanga magetsi okwana mamegawati 2,075, ambiri mwa iwo n'kumapita ku South Africa. Ngakhale Mozambique idatenga gawo lalikulu la kampani ya HCB, yomwe imayendetsa damuli, mu 2007, magetsi amafuna madzi oyenda mofanana chaka chonse, ndiye gwero la vuto lonse. Matope achonde amatsalira pansi pa nyanja yomwe damuli lidapanga. Choipitsitsa ndi kutsegula zitseko za damu chilimwe chisanathe pofuna kusiyira malo madzi a mvula: mlimi wa pa chilumba cha kumunsi kwa Tete amadzuka chimanga chake chosakhwima chitamira. Madambo a ku Marromeu, kufupi ndi mathiriro a mtsinjewu, kwawo kwa njati, adayamba kuuma, ndipo asodzi a kamarau (tizilombo tam'madzi ta mtundu wa nkhanu) kunyanja ya mchere adaona kuchepa.

Akatswiri a za mitsinje safuna kuti damu ligumulidwe ayi. Amapempha kuti madzi ochuluka azitulutsidwa kwa milungu ingapo m'nyengo imene mtsinje unkasefukira kale, ndi kuchenjezeratu midzi. N'zotheka, koma madzi odutsa pazitseko sapanga magetsi, ndipo zimafunika kumvana ndi a ku damu la Kariba kumtunda.

Nyanja ya Cahora Bassa nayonso ili ndi anthu ake tsopano. Kapenta, amene adatsika kuchokera ku Kariba, amagwidwa usiku ndi maboti oyatsa nyale, n'kuyanikidwa pamathandala m'mawa. Alendo amalipira ndalama zambiri kudzawedza mcheni. Madzi akatsika kwambiri doko limatsala pamtunda, maboti n'kumagunda zitsa za mitengo yomwe idamira mu 1975. Madandaulo amenewa ndi oona, koma mlimi wa m'dimba ndiye wakhala akuluza kwa zaka makumi asanu osafunsidwa. Ndipo damu la Mphanda Nkuwa, lomwe akufuna kumanga makilomita pafupifupi 60 kumunsi, likamadzatulutsa madzi motsata maola amene magetsi akufunika kwambiri, mtsinje uzidzakwera ndi kutsika tsiku lililonse pakhomo pake penipeni.