Magetsi akazima pachigayo, dzanja lisalowe pa sefa

Pantchito yanga yoona za chitetezo cha anthu m'malo ogwirira ntchito, pamene ndimakhalitsa kwambiri ndi pachigayo. M'kachipinda kamodzi mumakhala mota, lamba, fumbi, phokoso, ndiye amayi ndi ana odikira mphale ndi mgaiwa wawo.

Chimene chimandisowetsa mtendere kwenikweni ndi nthawi imene magetsi azima. Chigayo chikangoti zii, mnyamata wogayitsa amati wapeza mpata wochotsa zomata pa sefa. Amatsegula chivundikiro, dzanja lilowe. Koma swichi ija sanaikhudze, idakali poyatsa. Magetsi akabwera sagogoda pakhomo, ndipo mahamala akayamba kuzungulira, dzanja silingathawe. N'zoona kuti zigayo zina zili ndi sitata imene imadzizimitsa yokha magetsi akapita, koma ndaonapo masitata ambiri okonzedwakonzedwa, ena olumikizidwa mwachidule, moti sindingauze munthu kuti awadalire. Lamulo la pachigayo likhale ili: usanatsegule chilichonse, zimitsa pa swichi yaikulu, ikapo loko, kiyi ikhale m'thumba mwako iwe amene ukulowetsa dzanja. Mnzako asakhale ndi mpata woyatsa iwe uli mkati.

Lamba naye ndi chimodzimodzi. Mayi akuwerama kuti atole ufa wotayika, nsonga ya chitenje kapena mpango ili lendelende pafupi ndi pule, gudumu limene lamba amazungulirapo. Lamba akagwira nsalu amakoka ndi mwini wake yemwe. Inu eni zigayo, pitani kwa wowotcherera wa pamsika akupangireni chotchinga cha waya cholimba, chomangidwa ndi mabawuti, ndipo mukasintha lamba chibwezeretseni pomwepo. Zotchinga zambiri ndimazipeza zitatsamira pakhoma, zitachotsedwa tsiku losintha lamba osabwezedwanso. Ana azidikira panja.

Phokoso limapweteka mwakachetechete, n'chifukwa chake eni zigayo salilabadira. Likafika madesibo 85 (desibo ndi muyeso wa kukula kwa phokoso) kwa maola 8 tsiku ndi tsiku, makutu amayamba kuwonongeka, ndipo akawonongeka motero sachiranso. Simukusowa makina oyezera: ngati mukufuula kuti munthu amene waima pafupi nanu, pamtunda wa mkono umodzi, akumveni, ndiye kuti phokosolo lafika poopsa. Mnyamata akaweruka makutu akulira ngati muli nkhululu, ndi chenjezo limenelo. Mugulireni zotseka m'makutu zenizeni. Thonje silithandiza kwenikweni. Mugulirenso chophimba mphuno ndi pakamwa, pakuti fumbi la ufa limayambitsa mphumu mwa anthu ena.

Kumidzi kumene chigayo chimayendera injini ya dizilo, paipi ya utsi ituluke kunja kwa khoma, ndipo mawindo akhale otsegula mbali ziwiri. Wogayitsa akamadandaula mutu ndi chizungulire madzulo aliwonse, yang'anani kaye paipiyo musanamutume kukagula Panado.

Eni zigayo ena amandiuza kuti malamulo ndi a makampani akuluakulu. Lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997 limapereka udindo woteteza wantchito kwa womulemba ntchito, ndipo lamulo la chipukutamisozi la 2000 limati wantchito akavulala pantchito alipiridwe. Wantchitoyo akakhala mphwanu kapena mwana wa achemwali anu, ngati mmene zimakhalira m'zigayo zambiri, mudzamupezanso kunyumba madzulo, akudya nsima ndi dzanja lamanzere.