Oilo wa mu difu ndi mu giyabokosi, amene eni ma pikapu timamukumbuka motoka itayamba kale kulira

Mwezi watha kunabwera amdala ena pa galaji pathu ndi Hilux yawo ya 4x4, amayenda nayo kwambiri ku Petauke kukatenga chimanga ndi nshawa. Dandaulo lawo linali loti kumbuyo kukumveka kulira kwina kwake, kuja kwa wuuuu, ikafika pa 70 kapena 80, ndipo akachotsa phazi pa mafuta kulira kumasintha mawu. Amdalawa ndi munthu wosamala zedi, oilo wa injini amasintha pa 5,000 km iliyonse osaphonya, anandionetsa mpaka kabuku komwe amalembamo madeti onse. Ndiye ndinawafunsa za difu, bokosi la magiya lija lili pakati pa matayala limene limagawa mphamvu ku matayala awiriwo, ndinati a dala, nanga oilo wa mu difu munasintha liti? Anandiyang'ana kaye kenako ati mwana wanga, kodi mmenemo namonso amasintha? Titamasula pulagi chomwe chinatuluka sichinali oilo ai, chinali ngati maheu, choyererako, chothithikana, ndipo pa maginito a pa pulagiyo panali tizidutswa ta chitsulo toti ukatigwira timabaya chala.

Zinandiwawa chifukwa munthuyu si wosasamala, kungoti palibe anamuuzako. Ndipo ali ambiri otere muno mu Lusaka, tikati sevisi timatanthauza oilo wa injini ndi ma filita basi, zapansi pa motoka zonse timazisiya kwa Mulungu.

Tiyeni tiwerenge kaye. Pikapu wamba, vaneti ya 4x2, ili ndi malo awiri okhala oilo kupatula injini: giyabokosi ndi difu yakumbuyo. Ya 4x4 ili ndi anayi, giyabokosi, transifa kesi (kabokosi kaja kali kumbuyo kwa giyabokosi kamene kamagawa mphamvu kupita kutsogolo ndi kumbuyo), difu yakutsogolo ndi difu yakumbuyo. Miphika inayi, uliwonse ndi oilo wakewake, sagawana. Ndipo chomwe chimapangitsa kuti tiiwale ndi choti difu ilibe dipisitiki, ilibe nyale pa dashibodi, ilibe filita. Injini ikavutika imakuuzani msanga. Difu imangopirira mwakachetechete zaka ndi zaka, tsiku lomwe mwaimva kulira ndiye kuti mano kapena ma beyaring'i adyeka kale, oilo watsopano sangabwezeretse chitsulo chomwe chatha.

Mkati mwa difu muli magiya awiri akuluakulu, piniyoni ndi kirauni wilo. Mano ake sangokankhana chabe, amatsetserekanso linzake pa linzake ali opanikizika kwambiri, nchifukwa chake oilo wa mmenemo amathiramo mankhwala a salufa ndi fosifolasi omwe amapanga kachikopa kopyapyala pa chitsulo kuti mano asakhudzane mwachindunji. Fungo lija lonunkha ngati dzira lovunda mukatsegula botolo la giya oilo ndi salufa ameneyo, sikuti oiloyo waonongeka ai. Mankhwalawa amatha pang'onopang'ono ndi kutentha, ndipo poti mulibe filita fumbi lachitsulo lomwe limachoka pa mano limangozungulira momwemo, lina limagwidwa ndi maginito a pa pulagi, lina limapita kukapala ma beyaring'i.

Koma mdani wamkulu kuno kwathu si makilomita, ndi madzi. Apa ndikhalapo pang'ono chifukwa ma difu ambiri omwe ndamasula anaphedwa ndi mvula.

Pamwamba pa difu iliyonse pali kanthu kakang'ono kotchedwa briza, kopumira. Oilo akatentha mpweya wa mkati umafufuma, uyenera kutuluka, ukazizira uyenera kulowa. Manje taganizani, mwayenda kuchokera ku Chongwe kapena ku Kafue, difu yatentha moti simungaigwire, kenako mwalowa mu Kanyama kapena Chawama mu January madzi ali mpaka pakati pa matayala. Chitsulo chotentha chija chikamira m'madzi ozizira mpweya wa mkati umanyala mwadzidzidzi, difu imayamwa, ndipo ngati briza yamira ndiye kuti ikuyamwa madzi, ndipo si madzi oyera, ndi aja osakanikirana ndi matope ndi mchenga. Briza ikakhala yotseka ndi dothi imayamwira pa ma silu, timphira tija totchinga kuti oilo asadonthe. Inu simumva kanthu, mwatuluka m'madzimo bwinobwino mwafika kunyumba. Madzi aja amasakanikirana ndi oilo nkukhala maheu aja, motoka ikaima usiku amadikha pansi nkuyamba kudya ma beyaring'i ndi dzimbiri. Kulira kumadzayamba mu June kapena July mvula itaiwalika kale, ndiye munthu sagwirizanitsa ziwirizi, amangoti difu yangofa yokha.

Briza yotseka ili ndi vuto linanso. Mpweya ukasowa potulukira umakankha oilo kudutsa pa ma silu a ma hafu shafiti (zitsulo zochokera mu difu kupita ku matayala), oilo nkulowa mu dramu ya mabuleki akumbuyo. Mukaona mkati mwa tayala lakumbuyo muli monyowa mafuta musangosinthitsa silu, uzani makanika aone briza kaye, apo ayi silu yatsopanoyo idonthanso. Kwa amene mumawoloka madzi chaka ndi chaka, pali kantchito kotchipa: timachotsa briza yaifupi ija nkuika paipi yaitali yokwera mpaka mu boneti kapena pamwamba pansi pa bodi, ndi kafilita kumapeto. Ine ndimalimbikitsa kuti izi zichitike mu October mvula isanagwe.

Mdani wachiwiri ndi katundu ndi kutentha. Ma pikapu awa a Hilux, Ranger, D-Max, Navara, Hardbody, ambiri anapangidwa kunyamula pafupifupi tani imodzi. Matumba 20 a 50 kg ndi tani kale. Koma tonse tikudziwa momwe timapakilira nthawi yokolola, matumba 30 ndi anthu pamwamba, kenako kukwera mapiri a Manenekela kuchokera pa Luangwa Bridge dzuwa la mu October likuswa mtengo, kapena zitunda zija za msewu wa ku Chirundu. Oilo wa mu difu ndi giyabokosi pamenepo amaphikidwa, amada, amapyapyala. Mabuku a magalimoto amakhala ndi ndandanda ziwiri, ya kayendedwe wamba ndi ya kayendedwe kovuta, monga fumbi, madzi, katundu wolemera, kukoka ngolo. Ife ambiri tili ku ndandanda yachiwiriyo, ngakhale motoka yongozungulira mu tauni momwe timayendera pang'onopang'ono mu mzere wa pa Great East Road kapena Lumumba.

Ndiye tisinthe liti? Buku la motoka yanu ndiye mwini nkhani, liwerengeni. Ine makasitomala anga ndimawauza kuti ma difu, transifa kesi ndi giyabokosi ya manyuwo asapitirire 40,000 km kapena zaka ziwiri, chomwe chayamba kufika. Mukawoloka madzi ofika pa habu ya tayala musadikire makilomita, sabata yomweyo masulani pulagi muone mtundu wa oilo. Ndipo ngati mwangogula pikapu ya sekondi handi, kaya yachokera ku Japan, ku UK kapena ku South Africa, sinthani zonse nthawi imodzi kuti muyambe kuwerenga kuchokera pomwe mukudziwa inuyo. Oilo wake si wambiri, difu yakumbuyo malita awiri kapena atatu ndi kanthu, yakutsogolo kuchepera apo, transifa kesi lita imodzi ndi pang'ono. Mtengo wa zonsezi pamodzi sufika ndi pafupi pomwe pa mtengo wa piniyoni ndi kirauni wilo.

Nkhani ya mtundu wa oilo ndiyo imandidetsa nkhawa, chifukwa mu mashopu ambiri munthu amangoti ndipatseni giya oilo ndipo amampatsa chilichonse chili pafupi. Pa botolo pamakhala zinthu ziwiri zoti muone. Choyamba manambala a kukhuthala monga 75W-90, 80W-90, 85W-140. Chachiwiri GL-4 kapena GL-5. Difu imafuna GL-5 chifukwa ali ndi mankhwala ambiri aja a salufa. Koma giyabokosi ya manyuwo ili ndi ma sinkiro, timaring'i ta chitsulo chofewa chachikasu tomwe timathandiza giya kulowa mosakukuta, ndipo ma giyabokosi ambiri amafuna GL-4 chifukwa GL-5 wina amatereretsa ma sinkiro mopitirira, wina amawadya. Alipo ena omwe buku limalola zonse ziwiri, nchifukwa chake ndikuti onani buku osati kumvera wa pa kaunta. Munthu akabwera ati giya yachiwiri ikuvuta kulowa m'mawa kuyambira pomwe ndinasinthitsa oilo, kawirikawiri ndimapeza anathira 85W-140 wa mu difu. Difu ina ndi ya LSD, ija yokhala ndi ma kilachi mkati, imafuna oilo wolembedwa LS, mukathira wamba imayamba kugogoda pokhota. Transifa kesi nayo musaganizire, ina imamwa giya oilo ina imamwa ATF, oilo wa giyabokosi ya otomatiki. Ndipo chonde oilo wopungulira mu mabotolo a madzi akumwa wogulitsa m'mbali mwa msewu mulekeni, simudziwa chomwe chili mmenemo, gulani wotsekedwa bwino.

Kasinthidwe kake pa difu ndi manyuwo si kovuta, munthu wa manja ake atha kuchita panyumba. Yendetsani motoka mphindi 10 kapena 15 kuti oilo afunde atuluke ndi zinyalala zake. Imikani pamalo osapendama, handibuleki, miyala ku matayala. Pikapu ndi yaitali kale nthawi zambiri simufunika jeke, koma ngati mwaikweza musalowe pansi itakhala pa jeke yekha, ikani ma sitandi. Pukutani dothi pozungulira ma pulagi. Tsono lamulo lomwe ndimauza mnyamata aliyense wobwera kudzaphunzira ntchito: yambani kumasula pulagi yothirira, yapamwamba, musanakhudze yokhetsera. Mukakhetsa oilo yense kenako nkupeza yapamwamba yakana kapena mutu wake wadyeka, mwatsala ndi motoka yosayenda. Oilo akamatuluka muyang'aneni, mununkhizeni. Pa maginito mukapeza phala lotuwa losalala ngati mwaye wonyowa, palibe vuto, ndi kutha kwa masiku onse. Mukapeza tizidutswa tobaya, pitani kwa makanika. Ikani washa watsopano, mangani mosapitirira muyeso makamaka pa transifa kesi ya aluminiyamu chifukwa ma thiredi ake sachedwa kupita. Thirani ndi kapampu mpaka oilo ayambe kubwerera pa bowo lothirira, pamenepo ndiye pa levulo, osawonjezera.

Otomatiki ndi nkhani ina, iyi musayesere panyumba. Mudzamva anthu akuti ATF sasintha mpaka motoka kufa, ine sindivomereza, makamaka pa pikapu yonyamula katundu kotentha kuno. ATF amachita ntchito zitatu, kutereretsa, kuziziritsa ndi kukankha ma kilachi, ndipo kutentha ndi komwe kumamutha. Bokosi lililonse lili ndi wake, Toyota zatsopanoko ndi ATF WS, Ranger ya magiya 6 ndi Mercon LV, ya magiya 10 ndi Mercon ULV, sizisakanizidwa. Ambiri mwa mabokosi amenewa alibe dipisitiki, levulo imaonedwa injini ikulira oilo atafika pa kutentha kwina kwake, ndiye pamafunika makina oonera. Komanso mukakhetsa pa pani ya pansi pa bokosi mumatuluka gawo chabe, wambiri amatsalira mu toki konveta (yomwe imalumikiza injini ndi bokosilo) ndi m'mapaipi, nchifukwa chake ine ndimakonda kukhetsa ndi kuthira kawiri kapena katatu motalikitsa pang'ono kusiyana ndi kutsuka ndi makina okankha mwamphamvu pa bokosi lakale. Ndipo ngati bokosi layamba kale kuterereka, oilo wada akununkha chopserera, makanika wachilungamo akuuzeni poyera kuti oilo watsopano sachiza zimenezo.

Muli pansi pomwepo mupope gilizi mu ma nipo a pulopushafiti (chitsulo chachitali chija chopititsa mphamvu ku difu) ngati yanu ili nawo, madzi amatsukanso mmenemo. Fuluwidi wa kilachi ndi yemwe uja wa mabuleki, amayamwa chinyontho, zaka ziwiri zamukwana. Amene muli ndi 4x4 yongoyenda pa tara, muzilowetsa 4H, giya yokoka ndi matayala onse anayi, kamodzi pa mwezi pa msewu wa dothi kuti oilo azungulire kutsogolo, osati pa tara youma, pamenepo mumapotokola transifa kesi.

Oilo wakale uja musathire mu ngalande kapena mu chimbudzi monga ena amachitira. Lusaka yakhala pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndipo madzi ali pafupi kwambiri, zomwe mwathira pansi zimakafika mu zitsime ndi ma bowaholo omwe ana athu akumwa. A ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, amamuwerengera ngati zinyalala zoopsa. Muikeni mu chigubu chotseka mupereke ku galaji yomwe imasonkhanitsa.

Amdala aja difu yawo yakumbuyo tinaimasula, ma beyaring'i onse anali ndi mabala a dzimbiri ndipo mano a piniyoni anali atayamba kukumbika, inawadyera ndalama yomwe ankafuna kugulira feteleza. Difu yakutsogolo nayo tinapeza madzi koma mwamwayi chitsulo chinali chisanagwidwe, tinatsuka nkuthira watsopano. Tinawaikira mapaipi a briza onse awiri mpaka mu boneti, ndipo mu kabuku kawo kaja anatsegula tsamba lina nkulemba pamwamba kuti difu, giyabokosi, transifa. Tinapangana kuti abwere mvula ikangoyamba, akawoloka madzi koyamba, tidzamasule pulagi tione limodzi.