Digiri ya uinjiniya ikadumpha boda amaiona bwanji?

Makolo ambiri akamasankhira mwana sukulu ya uinjiniya amafunsa kuti kodi yunivesite imeneyi ndi yotchuka, ili ndi dzina? Ife amene tili mu ntchitoyi timafunsa zina, timati kozi yomwe mwanayo akukapangayo anaivomereza ndani ndipo liti. Zimaoneka ngati zazing'ono koma ndi pamene anthu amakalirira, munthu wafika ku Johannesburg kapena ku Perth digiri ili m'manja akuti ndikalembetse ngati injiniya, nkumuuza kuti bambo dikirani kaye tifufuze zomwe munaphunzira.

Nkhaniyi inayamba mu 1989 pamene mabungwe a mainjiniya a maiko 6, America, Britain, Canada, Australia, Ireland ndi New Zealand, anasainirana pangano lotchedwa Washington Accord. Vuto lawo linali losavuta kumva. Injiniya akasaina pulani ya mlatho kapena damu anthu amadutsa pa mlathowo osafunsa, ndiye bungwe lomupatsa laisensi liyenera kukhala ndi chikhulupiriro kuti munthuyo anaphunziradi. Koma bungwe la ku Canada silingayende dziko lonse kukasuzumira kalasi iliyonse. Ndiye anati tiyeni tiziyesana ifeyo oyendera masukulufe, ngati njira yako yovomerezera makozi ndi yolimba ngati yanga, amene wamuvomereza iwe nanenso ndimulandira. Zili ngati pogula chimanga, m'malo mokangana pa thumba lililonse mumangotsimikiza kuti sikelo ndi yolungama basi.

Sanagwirizane kuti silabasi ikhale imodzi ayi, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Chomwe amayang'ana ndi zomwe mwana akutha kuchita pomaliza. Kodi angatenge vuto lovuta lopanda yankho kumapeto kwa buku nkulisanthula ndi masamu ndi sayansi, kodi angapange dizaini poganizira chitetezo cha anthu, ndalama ndi chilengedwe, angagwire ntchito mu timu, angalembe lipoti loti munthu wina nkumva. Bungwe la ABET, lomwe limavomereza makozi a uinjiniya ku America, ndi limene linakankha kwambiri kaganizidwe aka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, poyamba anthu ankangowerenga maola a m'kalasi kuti masamu maola angati, fizikisi maola angati.

Ulendo wa accreditation, wodzaunika kozi kuti ivomerezedwe, ukafika pa dipatimenti si masewera. Pamabwera mainjiniya anzathu, ena ochokera ku mayunivesite ena ku makampani, ndipo sakhutira ndi sipichi ya a Dean. Amafuna mapepala a mayeso omwe anachongedwa kale, makamaka a ana omwe anangokhoza pang'onong'ono, chifukwa pamenepo ndi pamene umaonera ngati sukulu ikungokankha anthu kuti adutse. Amatsegula mapulojekiti a chaka chomaliza, amalowa mu labu kuona ngati makina akuyakadi kapena angofundidwa nsalu, amacheza ndi ophunzira aphunzitsi kulibe, amawerenga malekichara kuti alipo angati ndipo angati analembetsa ngati mainjiniya. Ineyo gawo la ophunzira lija ndi lomwe ndimalikhulupirira kwambiri, ana sabisa. Chivomerezocho chimakhalanso ndi malire, ku ABET sichipitirira zaka 6 asanabwerenso.

Kulowa mu kalabu ya Washington Accord nako ndi ntchito. Dziko limayamba ngati membala wongoyembekezera, pamafunika mamembala awiri okuikira kumbuyo, kenako anzako amabwera kudzakuonerera ukuyendera masukulu ako omwe, ndipo kuti ukhale membala weniweni onse ayenera kuvomera. Hong Kong inalowa mu 1995, South Africa kudzera ku ECSA, bungwe lake lolembetsa mainjiniya, mu 1999, Japan mu 2005, Malaysia 2009, India 2014, China 2016, Pakistan 2017. Kwa zaka zambirimbiri South Africa ndi yokhayo mu Africa muno yomwe yakhala membala wathunthu. Palinso mapangano ena awiri, Sydney Accord ya 2001 ya ma technologist ndi Dublin Accord ya 2002 ya ma technician, onse ali pansi pa International Engineering Alliance. 

Tsopano misampha, chifukwa apa ndi pamene ndalama za fizi zimapsera. Chomwe chimavomerezedwa ndi kozi, osati yunivesite yonse. Sukulu imodzi yomweyo civil ikhoza kukhala yovomerezeka pamene mechatronics yomwe angoyamba dzana ilibe kanthu, koma pa Facebook alemba kuti "internationally accredited" ngati zonse zili bho. Chaka chomwe munamaliza chimawerengedwanso, nthawi zambiri amene anamaliza dziko lisanakhale membala wathunthu panganoli siliwakhudza. Ku India komwe ana athu ambiri akupita masiku ano, si koleji iliyonse, ndi makozi okhawo omwe bungwe la NBA linavomereza m'masukulu a gulu lomwe amalitcha Tier I. Ndipo china chomwe ma agenti sanena, ABET imayenderanso makozi kunja kwa America, ndi chinthu chabwino ndithu, koma panganoli kwenikweni limagwira pa makozi omwe bungwe lavomereza kwawo komweko.

Komanso Washington Accord si laisensi, si viza, si ntchito. Imangoti gawo la sukulu munalikwanitsa. Kuti mukhale injiniya wolembetsedwa, Pr Eng ku South Africa kapena CEng ku Britain, mufunikabe zaka zogwira ntchito pansi pa akuluakulu nkukaonetsa zomwe munachita. Ku America laisensi imaperekedwa ndi state iliyonse payokha ndipo ma state ena amafunabe kuunika mapepala anu mwa iwo okha.

Nanga ife kuno kwathu? Malawi sali mu panganoli. NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba, imaunika mayunivesite ndi makozi, Malawi Engineering Institution yomwe inabwera ndi lamulo la 2019 ndi yomwe imalembetsa mainjiniya, ndipo zimenezi zimagwira ntchito mkati muno. Izi sizikutanthauza kuti digiri ya ku MUBAS, Poly yakale ija, kapena ya ku MUST ndi yachabe kunja, anthu athu akugwira ntchito ku migodi ndi m'makampani akuluakulu kunjako ndipo akuchita bwino. Kungoti amadutsa njira yaitali, aliyense payekhapayekha. Ku South Africa ndiye SAQA, bungwe lounika masatifiketi a maphunziro, kenako ECSA iunike maphunziro anu, ku Australia mumalemba lipoti lotchedwa CDR momwe mumafotokoza ntchito zitatu zomwe munagwirapo ndi manja anu kusonyeza kuti ndinu injiniyadi. Zimadya miyezi ndi ndalama, ndipo amene anataya ma course outline ake amavutika kwambiri, chonde ana inu sungani mapepala amenewo pamodzi ndi lipoti la pulojekiti yanu.

Ena amati kulowa m'mapangano otere ndi kungotsegulira mainjiniya chitseko kuti athawe. Mantha amenewo ndimawamva, koma othawa akuthawa kale popanda accord. Phindu lomwe ine ndimaliona lili kwa otsala, chifukwa alendo akamabwera kudzatsegula labu ndi kuwerenga masikiripiti, oyang'anira bajeti amasowa pobisala pa nkhani ya makina akufa ndi lekichara mmodzi pa ana 100 kapena kuposa.

Ngati mukulipirira mwana kunja, mabungwe ngati ECSA, ABET ndi Engineers Australia amaika mndandanda wa makozi ovomerezeka pa intaneti ulere. Fufuzani dzina lenileni la digiriyo, kampasi yake, ndi zaka zomwe chivomerezocho chikugwira, musanatumize depoziti.