Nkhondo ya ufulu wa America sinathere ku Boston

Ambiri akamva za nkhondo ya ufulu wa America amangoganiza za Boston ndi madera a kumpoto, poti mfuti zinayamba kulira ku Lexington ndi Concord mu 1775. Koma kumene Britain inathyokera msana ndi kummwera.

Chakumapeto kwa 1778, Britain inatembenukira ku Georgia ndi Carolina, poyembekezera kupezako anthu ambiri okhulupirika kwa mfumu. Poyamba zinayendadi. Charleston, mzinda wa doko ku South Carolina, inagwa mu Meyi 1780, ndipo asilikali a America pafupifupi 5,000 anagwidwa. Koma chiyembekezo chija chinawagwiritsa mwala. Ku Kings Mountain, mu Okutobala 1780, anthu akumidzi onyamula mfuti zosakira nyama anafafaniza gulu la Patrick Ferguson, msilikali wa Britain amene ankatsogolera anthu okhulupirika kwa mfumu, ndipo ambiri amene akanalowa mbali ya mfumu anabwerera m'mbuyo.

Nzeru ya Nathanael Greene, mkulu wa asilikali a America kummwera, ndiyofunika kuimvetsa bwino. Ankabwerera dala, n'kumakokera Cornwallis, mkulu wa asilikali a Britain, kutali ndi gombe kumene kunkachokera chakudya ndi wonga. Ku Guilford Courthouse, mu Malichi 1781, Cornwallis anapambana koma mwa asilikali ake anayi alionse, mmodzi anafa kapena kuvulala. Atalowa mu Virginia, zombo za France, yomwe inkathandiza America, zinamutsekera njira ya panyanja ya Chesapeake, ndipo gulu lake linagonja ku Yorktown pa 19 Okutobala 1781.