Wina Wavulala Kwambiri ku Joni: Mafunso ndi Mayankho

Ndilibe pemiti. Kodi kuchipatala andilandira?

Inde. Gawo 27(3) la malamulo aakulu a South Africa a 1996 limati munthu aliyense asakanizidwe chithandizo chadzidzidzi. Silinena za nzika zokha. Gawo 5 la lamulo la zaumoyo, National Health Act ya 2003, limaletsanso chipatala, cha boma kapena cha pulayiveti, kubweza wodwala wotero. Bilu ikhoza kubwera pambuyo pake. Imbani 112 pafoni yam'manja, kapena 10177.

Mnzathu wagundidwa ndi taxi koma akulankhula bwinobwino. Tidikire kuche?

Musayerekeze. Thupi limabisa. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5. Akayamba kutaya, m'magazi mumachuluka timapuloteni ting'onoting'ono totchedwa ma peptide: angiotensin II, amene amapangidwa impso zikatulutsa puloteni ina yotchedwa renin, ndi vasopressin wochokera kunsi kwa ubongo. Timeneti timafinya mitsempha ndi kuletsa madzi kutuluka ngati mkodzo, kuti magazi otsalawo azifika ku mtima ndi ku ubongo. N'chifukwa chake BP imatha kuoneka yabwino mpaka munthu atataya pafupifupi lita ndi theka, makamaka akakhala mnyamata wamphamvu. Kutayako kukapitirira, vasopressin amachepa, mitsempha imalefuka, BP n'kugwa. Madokotala amati shock, ndipo ikafika apa kumubweza munthu n'kovuta.

Ndiye tidziwa bwanji, magazi sakuoneka?

Akhoza kumatayikira m'mimba kapena pachifuwa. Mugwireni dzanja: ngati lazizira, lili ndi thukuta, mtima ukugunda mofulumira, akudandaula ludzu kapena wayamba kubwebweta, thamangani naye. Mankhwala a tranexamic acid, othandiza kuti magazi asiye kutayika, amapindulitsa akaperekedwa pasanathe maola 3.

Tidafika msanga, bwanji wina walowa ife tili pamzere?

Zipatala monga Chris Hani Baragwanath, Charlotte Maxeke ndi Helen Joseph zimasankha odwala potengera kukula kwa vuto. Pa ndondomeko ya South African Triage Scale, wodwala aliyense amapatsidwa chizindikiro cha mtundu wake: wofiira amaonedwa pompo, wa olenji pasanathe mphindi 10, wachikasu pasanathe ola, wobiriwira pasanathe maola 4. Muuzeni nesi zonse: nthawi ya ngozi, pomwe wagundidwa, ndi ngati anakomoka. Akasintha muli pamzere, bwererani kwa nesi msanga, musachite manyazi.

Podikira ambulansi tichite chiyani?

Finyani bala ndi nsalu yoyera mwamphamvu, osamasuzumira. Mugonekeni, mufunditse bulangete, chifukwa thupi likazizira magazi saundana bwino. Ngati mukukayikira khosi kapena msana, musamunyamule. Ngakhale apemphe motani, musamupatse madzi, chakudya kapena mowa, poti mwina akufunika opaleshoni.