Mkodzo ukamadontha mukatsokomola: za pessary, kachipangizo kochirikiza njira ya mkodzo

Mukutula ndowa pamutu, kapena mwangoyetsemula muli pamzere wa kuchigayo, basi mwamva kuti panti wanyowa. Mkodzo sunakupaneni ayi, wangothawa wokha madontho angapo. Amayi ambiri amalidziwa vutoli koma salitchula. Ena amayamba kumanga zitenje ziwiri, ena amaleka kuvina ku kwaya, ena amadzimana madzi tsiku lonse poopa manyazi. Amayi, limeneli ndi vuto la thupi ngati ena onse, ndipo thandizo lake lilipo.

Pansi pa chiuno pali minofu imene imanyamula chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo ngati mmene nsalu imagwirira mwana kumsana. Mukatsokomola, kuseka kapena kunyamula katundu, m'mimba mumakankha chikhodzodzo. Minofu ikakhala yolimba, njira ya mkodzo imatsekeka nthawi yomweyo. Ikafooka, mkodzo umapeza mpata. Zimene zimaifooketsa ndi monga mimba ndi kubereka, kusiya kusamba, kunenepa kwambiri, chifuwa chokhalitsa, kudzimbidwa ndi kusenza zolemera tsiku ndi tsiku.

Musasokoneze vutoli ndi fistula, lomwe ndi bowo lobooka pakati pa chikhodzodzo ndi njira ya abambo. Mayi wa fistula mkodzo umangotuluka usana ndi usiku, ali gone kapena ali khale, ndipo nthawi zambiri zimayamba atavutika nthawi yaitali pobereka. Ameneyo amafunika opaleshoni, monga imene imachitika pa Bwaila Fistula Care Centre ku Lilongwe. Pessary siitseka bowo la fistula.

Thandizo loyamba ndi kulimbitsa minofu ija. Imangeni ngati mukuletsa mpweya woipa kutuluka, mugwire masekondi angapo, kenako mumasule. Chitani ka 8, katatu pa tsiku, kwa miyezi yosachepera itatu musananene kuti zakanika. Musazolowere kuchita zimenezi muli pakati pokodza.

Nanga pessary ndi chiyani?

Ndi kachipangizo kofewa ka silikoni kamene kamaikidwa m'njira ya abambo. Kamene amapereka pa vuto la mkodzo kamaoneka ngati chibangili chaching'ono chokhala ndi kanundu mbali imodzi, kapena ngati kambale. Kanunduko kamakhala kuseri kwa fupa la kutsogolo kwa chiuno, n'kumachirikiza njira ya mkodzo kuchokera pansi. Mukatsokomola, njirayo imatsamira pamenepo n'kutsekeka. Si lupu, sikalowa m'chiberekero ndipo sikaletsa kutenga mimba. Sikangasowerenso m'mimba monga ena amaopera, chifukwa kumtunda kuli khomo la chiberekero.

Kamathandiza mayi amene sakufuna opaleshoni, amene akufuna kudzaberekanso, kapena amene thupi lake silingapirire opaleshoni. Ena amakavala tsiku lonse, ena pa nthawi ya ntchito yolemetsa yokha, monga polima kapena posewera netibolo. Tinene zoona: pessary siichiritsa minofu yofooka, imagwira ntchito ikakhala mkati basi. N'chifukwa chake masewera olimbitsa minofu aja sasiyidwa. Komanso mayi amene mkodzo umamupana mwadzidzidzi mpaka kutayikira asanafike kuchimbudzi ali ndi vuto la mtundu wina, lofuna thandizo linanso.

Pessary ili ndi masaizi, ndiye woika koyamba akhale dokotala kapena namwino wodziwa ntchitoyi. Amayamba wakuyezani, n'kuonanso ngati mulibe matenda a m'chikhodzodzo kapena zilonda. Akaika, amakuuzani kuti muimirire, muyende, munjute, mutsokomole, kenako mukakodze musanachoke. Yokwana bwino simuimva kuti ilimo. Ikamapweteka kapena mkodzo ukamavuta kutuluka ndiye kuti yakula, ikamagwa ndiye kuti yachepa. Kusintha saizi kawiri kapena katatu si zachilendo, choncho musagwe ulesi tsiku loyamba.

Pa kasamalidwe m'pamene pagona nkhani. Ngati akuphunzitsani kuchotsa nokha, sambani m'manja, muitulutse, muitsuke ndi madzi oyera ndi sopo wosanunkhira, muitsukuluze bwino musanaibwezere. Ambiri amachita zimenezi usiku uliwonse kapena kamodzi pa sabata. Ngati simungathe, muzipita kuchipatala pa masiku amene akupatsani, kawirikawiri pakatha miyezi itatu mpaka 6. Pessary yoiwalika mkati kwa nthawi yaitali imatha kukhula khungu mpaka kuboola njira, choncho tsiku lobwerera kuchipatala lisakudutseni. Amayi amene anasiya kusamba nthawi zina amapatsidwa mankhwala opaka a estrogen (mahomoni a m'thupi la amayi) kuti khungu la mkati lisamachekeke. Za kukhala malo amodzi ndi abambo funsani momasuka, poti mitundu ina imalola ili mkati, ina imafuna kuchotsa kaye.

Chikazi chikachuluka pang'ono musadabwe. Koma pitani kuchipatala msanga mukaona magazi osakhala a kumwezi, chikazi chonunkha, ululu, kutentha thupi, kuwotcha pokodza, kapena mukalephera kukodza kapena kuchita chimbudzi.

Chonde musaike nsanza, thonje, masamba kapena mankhwala a zitsamba mkati pofuna kutseka mkodzo, ndipo musabwereke pessary ya mnzanu. Si chipatala chilichonse chimene chimakhala nazo. Yambirani pa chipatala chapafupi, muwauze anamwino mawu awa okha: "Ndikatsokomola mkodzo umatuluka." Ngati alibe, apempheni kalata yokutumizani kwa madokotala a matenda a amayi ku chipatala chachikulu.