Ndege yopendama inkauluka bwino, yowongoka n'kumayaka moto

Sabata silitha popanda wina kunditumizira kanema pa WhatsApp, ndipo mawu ake amakhala amodzimodzi: "Akulu, inu mumakonza ndege, taonani zomwe Ajeremani anali nazo kale mu 1944. Akanapatsidwa chaka china chimodzi, nkhondo yachiwiri ya padziko lonse akanapambana." Ndikatsegula ndimapeza chindege chozungulira ngati lichero, chonyezimira, chikuyandama pamwamba pa mapiri. Ndatopa nako kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndiyankhire pano.

Chindege cha lichero chija kunalibe. Chomwe chinalipo chofananako nacho ndi Sack AS-6, kandege kamatabwa ka phiko lozungulira komwe anapanga Arthur Sack, kokhala ndi injini yaing'ono ya Argus As 10. Anakayesa mu 1944 pa bwalo la Brandis, pafupi ndi Leipzig, ndipo kankangodumpha pang'ono n'kubwerera pansi. Ulendo weniweni sikanaulukepo. Nkhani ya malichero ithere pomwepa.

Chondivutitsa kwambiri ndi chakuti anthu amaweruza ndege ndi maso. Ikaoneka yachilendo akuti ndi nzeru zakuya, kapena akuti singauluke. Ikaoneka yowongoka bwino akuti ndi yodalirika, makamaka akamva kuti ndi ya ku Germany, poti tinazolowera kunena kuti chitsulo cha Mjeremani sichifa. Ine amene ndimalowetsa dzanja mu injini ndikukuuzani kuti maonekedwe sanena kanthu.

Tengani Blohm & Voss BV 141, yomwe anajambula Richard Vogt ndipo inauluka koyamba mu 1938. Mukaiona mungati ana aiphatikiza molakwika. Injini ndi mchira zili pa thunthu lakumanzere, anthu akukhala m'kanyumba kagalasi kumanja, pakati pali phiko basi. Asilikali ankafuna ndege yozondera ya injini imodzi yoti wokwera aziona pansi popanda chomutchinga, ndiye Vogt anangomuchotsa munthuyo kumbuyo kwa injini n'kumuika pambali. Koma sanachite mwachisawawa. Pulopela ikamazungulira mbali imodzi imakankhira ndege mbali ina, ndipo ndege iliyonse ya injini imodzi ndi yopendama kale m'mphamvu zake ngakhale maso akuiona yowongoka. Kupendama kwa BV 141 kunkalimbana ndi kukoka kumeneko. Oiyesa anapeza kuti ikuyenda bwino. Inalephera pa zifukwa zina: boma linasankha Focke-Wulf Fw 189 ya injini ziwiri, ndipo injini ya BMW 801 yomwe BV 141 yamtsogolo inkafuna inali yosowa chifukwa inkapita ku ndege zomenyera nkhondo za Fw 190. Zinapangidwa zosakwana 30.

Tsopano yomwe imandisowetsa mtendere ndi Heinkel He 177. Iyi mukaiona simungaikayikire. Mapiko otambasuka mamita 31, thunthu lowongoka, mapulopela awiri akuluakulu. Mungati ili ndi injini ziwiri, koma zinali zinayi. Pa phiko lililonse anamangirira pamodzi injini ziwiri za DB 601, za masilinda 12 iliyonse, n'kuzilumikiza ku giyabokosi imodzi yozunguza pulopela imodzi. Chophatikizacho anachitcha DB 606. Cholinga chinali kuchepetsa kulimbana ndi mphepo, komanso akuluakulu a unduna wa za ndege analamula kuti chindege cholemera pafupifupi matani 30 chikanyamula katundu chizitha kutsika chozondoka poponya mabomba, ngati mmene inkachitira ndege yawo yaing'ono yotchedwa Stuka. Lamulo limenelo linachititsa kuti thunthu alilimbitse, kulemera kukwere, injini zizigwira ntchito mopanikizika.

Makaniko aliyense amene wagwirapo injini yotentha amva zomwe ndikunena apa. Injini zimenezi masilinda ake amaloza pansi. Mukaika ziwiri moyandikana, mapaipi a ekizozi a mizere iwiri yamkati amakumana pakati, cham'munsi, ndipo amatentha koopsa. Oyilo kapena petulo akadontha amapita kuti? Amatsikira pansi pomwepo, n'kumadikha m'chivundikiro cha injini, pafupi ndi chitsulo chotentha chija. Chivundikirocho anachithinitsa kwambiri, mpweya wozizira wosadutsa mokwanira, dzanja la makaniko losafika pomwe pakudontha. Pofuna kuchepetsa kulemera sanaike chitsulo chotchinga moto pakati pa injini ndi phiko, chikhalirecho kumbuyo kwa injini kunali pafupi kwambiri ndi mtanda waukulu wonyamula phikolo. Ndege ikakwera m'mwamba oyilo ankachita thovu, ndipo thovu silitereretsa chitsulo, limangodutsa. Mabeyaringi a makonirodi, zitsulo zomwe mapisitoni amakankha, ankatha, konirodi n'kuboola thupi la injini, oyilo yense kukhuthukira pa ekizozi. Zotsatira zake simufunika kuuzidwa. Okwera ndegeyi anaitcha Reichsfeuerzeug, kutanthauza choyatsira moto cha boma.

Chomwe chimandiwawa ndi chakuti zonsezi sizinabisike. Ulendo woyamba, mu Novembala 1939, unathera panjira patangopita mphindi 12 chifukwa injini zinatentha. Chaka chathunthu izi zisanachitike, mu Novembala 1938, Ernst Heinkel mwiniwake anali atapempha kale unduna kuti ayeseko ndegeyi ndi injini zinayi zopatukana, iliyonse ndi pulopela yake. Anamukaniza. Lamulo lotsika chozondoka analichotsa mu Seputembala 1942, ndipo He 177 ya injini zinayi zopatukana inadzauluka kumapeto kwa 1943. Werengani zakazo: zisanu. M'kati mwa zaka zisanu zimenezo fakitale inayamba kutulutsa ndege zodziwika kuti zimayaka, anyamata n'kumazikwera. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Stalingrad, ku Russia, m'nyengo yozizira ya 1942 ndi 1943, zingapo zinapsa mdani asanazikhudze n'komwe. Kumayambiriro kwa 1944, potumidwa kukaphulitsa London, zambiri zinkabwerera panjira injini zitatentha. N'zoona kuti mitundu yamtsogolo, A-3 ndi A-5, anaikonzako, anasendeza injini kutsogolo n'kusintha mapaipi, ndipo moto unachepa. Koma pofika pakati pa 1944 mafuta anasowa, ndipo ndege zambiri mwa zoposa 1,100 zomwe zinapangidwa zinangoima pa mabwalo.

Ndipo musaiwale manja amene ankazipanga. Pa fakitale ya Heinkel ku Oranienburg pankagwira akaidi ochokera ku ndende ya Sachsenhausen, anthu anjala, omenyedwa, ambiri osabwerera kwawo. Makanema a nyimbo zokoma aja sakuuzani zimenezi, ndipo ine sindingayamikire chitsulo n'kuiwala anthuwo.

Mundifunsa za Dornier Do 335, poti ndiyo imazungulira kwambiri m'mafoni. Iyo inalipodi. Injini ziwiri za DB 603, ina kutsogolo ikukoka, ina kumbuyo ikukankha, liwiro lofika cha m'ma 760 kilomita pa ola, ndipo inauluka koyamba mu Okutobala 1943. Inali ndi mpando wotaya woyendetsa kunja pakagwa ngozi, komanso mabawuti ophulika ochotsa pulopela yakumbuyo ndi chipsepse cha mchira kuti munthuyo asadulidwe potuluka. Ndi ntchito yanzeru, sindikana. Koma injini yakumbuyo nayonso inkatentha, zomalizidwa zinali makumi ochepa chabe, ndipo palibe chomwe inasintha pa nkhondo. Imodzi yokha yatsala, ili ku Udvar-Hazy Center, malo osungirako ndege zakale ku Virginia, ku America. Zina zambiri zomwe mumaona, monga Triebflügel ya mapiko ozungulira thunthu, zinathera pa pepala. Pepala silidontha oyilo, n'chifukwa chake ndege za papepala zimaoneka zangwiro.

Amene amapanga makanema aja ndi asing'anga abodza a nkhani za ndege. Amatenga chojambula chomwe sichinakhomedwepo ndi rivheti imodzi, msomali wolumikizira zitsulo za ndege, kuchikongoletsa pa kompyuta, n'kuchigulitsa ngati chinsinsi chobisidwa. Mukaona kanema wotere funsani kuti ndegeyo inauluka tsiku liti, pa bwalo liti, woyendetsa anali ndani, zinapangidwa zingati. Akasowa yankho, tsekani. Choipa chawo sichithera pa mbiri yakale. Amaphunzitsa achinyamata kuti uinjiniya ndi maonekedwe odabwitsa, pomwe ntchito yathu ndi kufunsa kuti dontho ili lachokera pati ndipo likugwera pa chiyani.

Ndinali ndi mnyamata wophunzira ntchito, wakhama ndithu, amene ankati akapeza kadontho ka oyilo pansi pa chivundikiro amangopukuta ndi chiguduli, osalemba m'buku, osauza munthu. Ankati akuyeretsa. Anachita izi masiku angapo mpaka ndinamupeza. Titatsegula tinapeza paipi ya oyilo yayamba kung'aluka pamwamba penipeni pa ekizozi. Sindinamukalipire mokweza, ndinamukhazika pansi n'kumufotokozera za He 177, koma usiku umenewo sindinagone. Kupukuta dontho ndiko kufufuta umboni. Lembani m'buku, imitsani ndege, tsegulani lero lomwe, ngakhale bwana akwiye kuti ulendo wachedwa.

Ndipo inu a minibasi ndi malole musati izi n'za m'mwamba zokha. Mukamva fungo la oyilo wopserera, mukaona utsi wochepa ukutuluka pansi pa mpando wa dalaivala, musadikire kuti mwezi uthe. Musapite kwa uja amene amamanga paipi ya mafuta ndi lamba wa chubu kapena kumata ndi sopo n'kukuuzani kuti ifika. Paipi yong'aluka imasinthidwa, ndipo yatsopanoyo aidutsitse kutali ndi ekizozi, aimange ndi zomangira zake zachitsulo. Akatha kukonza, injini ilire mpaka itenthe, muyang'ane ndi tochi pansi pake musanakweze munthu ngakhale mmodzi.